Wekishopu yogawana ya ku Makata: mmene ndinapangirako zoopseza za phwando la ana

Ntchito yanga ine ndi madeko, maukwati, zinkhoswe, ma bridal shower, mabefide a ana, zoterozo, ndipo zambiri ndimapangira pakhonde kwathu ku Chilobwe. Koma kumayambiriro kwa Okutobala kasitomala wanga wina wa ku Namiwawa, amene ndinamukongoletserapo kale chinkhoswe cha mng'ono wake, anandiimbira kuti ana ake akufuna phwando la Halloween pa 31, kubwera anzawo a kusukulu ngati 20, nde akufuna pabwalo paoneke poopsa koma osati mpaka kuliza ana ayi, kuphatikizapo zovala ndi tizida ta ana ake atatu. Ndinayamba ndazungulira kaye mmashopu ku Limbe ndi ku Chichiri. Zilipo zochepa, za pulasitiki zopyapyala, koma mitengo yake abale, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chimaluma, ndikanagula zimenezo phindu langa lonse likanathera pomwepo. Ndinaona kuti bola ndipange ndekha, kungoti pakhonde panga palibe sowo, palibe vayisi, palibenso malo oyanikapo zinthu zazikulu ana a maneba osazigwiragwira.

Amene anandilondolera ku wekishopu yogawana ya ku Makata ndi mlongo wanga wa Fomu 3, iye ali mu kalabu ya zisudzo kusukulu kwawo ndipo mikondo ndi zishango za sewero lawo anakapangira kumeneko. Malowo alibe chikwangwani, ali chakuseri ukamadutsa msewu wa Makata kulowera ku Ndirande, ndi shedi yaitali ya malata, mbali imodzi yotsegula, mkati muli mabenchi asanu ndi limodzi. Lendi amagawana anthu atatu, madala ena akalipentala amene ndi ngati mkulu wa pamalopo, amayi ena atelala, ndi mnyamata wowotcherera zitsulo. Mabenchi atatu ndi awo, atatu enawo amabwereketsa kwa aliyense wofuna kupanga zake, umalipira pa tsiku kapena pa sabata. Ya tsiku limodzi inali ngati thiransipoti yanga ya minibasi kupita ndi kubwera masiku awiri, ya sabata amakuchotserako. Mu ndalama imeneyo muli benchi, hamala, sowo, pulayazi, vayisi, chobowolera cha magetsi, mfuti ya guluu ija yotentha, ndi madzi a mu diramu. Misomali, penti, sandipepa, guluu, zimenezo umabwera nazo wekha kapena kugula kwa madala pang'onopang'ono, amatha kukuthirira penti mu kabotolo kakang'ono mmalo moti ukagule chitini chathunthu chomwe theka lake likaumira kunyumba, ichi chokha kwa ine chinandipulumutsira ndalama zambiri.

Ndinalipira ya sabata ziwiri. Tsiku loyamba madala anandifunsa kuti, mayi mukufuna kupanga chani kwenikweni? Nditati zokongoletsera za Halloween anangoti, chimenecho nde chani. Ndinawafotokozera mmene ndikudziwira, kuti si mwambo wathu, unachokera ku Ireland ndi ku Scotland nkukakulira ku America, umachitika usiku woti mawa lake pa 1 Novembala Akatolika amakumbukira oyera onse, ana amavala zoopsa nkumapempha maswiti, pakhomo amaikapo maungu osemedwa nkhope mkati muli nyali. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, kenako anati, maungu mu Okutobala muwapeza kuti? Zoonadi, maungu kuno amachuluka cha mu Malichi mpaka Meyi, ofika Okutobala ndi osungidwa, ochepa komanso odula. Anati pitani mumsika wa Ndirande mukagule zipanda zouma, chipanda sichiwola, chaka chamawa mudzachigwiritsanso ntchito.

Zipandazo ndi zomwe zinatuluka bwino kuposa china chilichonse. Koma chipanda chouma nchosachedwa kung'aluka, choyamba ndinachilowetsa mpeni mwamphamvu chinangoti phwaa mpaka kukhosi. Madala anandionetsa kuti umayamba wajambula maso ndi mano ndi pensulo, kenako umabowola timabowo mmakona monse, nde umalowetsa kampeni ka sowo ya zitsulo kothyoka kaja nkumacheka pang'onopang'ono kuchoka pa bowo kufika pa bowo linzake, chipanda chili pa thumba la utuchi kuti chisagubuduke. Fumbi la mkati mwake limatsokomoletsa zedi, mangani kansalu pamphuno. Tinazipaka penti ya madzi ya olenji, mkati tinaikamo timatochi ta LED totchipa tija, kandulo ayi, ndipo pa nkhani ya kandulo amayi atelala anachita kundigwira mkono kuti mwanangu pamene pali ana, nsalu zolendewera ndi thonje, moto usayandikire ngakhale pang'ono.

Zigaza ndinapanga za mapepala. Ndinkadziwa kale zomata manyuzipepala pa baluni kuyambira ku pulayimale, koma phala lomatira lomwe ndinkalidziwa ndi la fulawa yosaphika, lomwe limachedwa kuuma nkumanunkha. Amayi aja anati ayi, gulani ufa wa kondowole. Kapu imodzi ya ufa, makapu asanu a madzi, kuphika pa mbaula ukutakasa mpaka lisanduke loterera ngati therere komanso looneka ngati galasi, nkuthiramo mchere wodzaza supuni kuti lisachite nkhungu msanga. Limamata koopsa ndipo likauma limalimba gwa. Nyuzipepala osadula ndi sizasi, kung'amba ndi manja, chifukwa mmphepete mong'ambika mumagona bwino osaoneka mizere, ndipo mukayesa muona kuti pepala limang'ambika mowongoka mbali imodzi yokha, mbali inayo limakhota, tsatirani mbali yowongokayo. Kumata katatu, kuyanika, kumatanso katatu, kuyanika. Apa Okutobala anatithandiza, dzuwa la Blantyre mwezi umenewu mukulidziwa, chomata mmawa pofika 2 koloko chauma. Amayiwo amati mu Juni ndi Julaye chiperoni chikagwa chinthu chomwecho chimatha masiku atatu chili chinyontho mpaka kumera nkhungu, nde amene mukufuna kupanga zinthu za mapepala muziwerengera nyengo.

Tsopano chomwe chandipangitsa kuti ndilembe zonsezi ndi ichi. Chigaza changa choyamba ndinachipanga saizi ya mutu wa munthu weniweni, ndinachitengera nthawi, masaya ndinawaumba ndi timakatoni, mano ndi njere za chimanga choyera, nkuchipaka tiyi wa Chombe wowirira kuti chioneke chakale. Chinaoneka chenicheni moti ineyo ndinanyadira. Madala atabwera anachinyamula, kuchitembenuza uku ndi uku, nkuchibweza pa benchi bwinobwino, kenako anati, mayi ntchito mwaigwira, koma ichi mukwera nacho minibasi? Ndinati eya, mu katoni. Anati katoniyo ikatseguka pa Ginnery Corner, kapena kondakitala akaisuntha chigaza nkugubuduka, mudzayamba kufotokozera ndani kuti ndi nyuzipepala? Anthu amva nkhani zambiri za kufukula manda ndi za anthu ogwidwa ndi mafupa a anzawo mzikwama, gulu likasonkhana silidikira kuti munthu amalize kulankhula. Thupi langa linachita tsemwe, chifukwa ndinali ndisanaganizeko ngakhale pang'ono, maganizo anga onse anali pa zithunzi za pa Pinterest, tsamba la zithunzi la pa intaneti.

Sanandiletse kupanga zigaza ayi. Anati pangani zazikulu ngati ndowa, zoti ngakhale mwana aone kuti mutu wa munthu sungakule choncho, kumbuyo musatseke, zilembo za nyuzipepala zizioneka mkati, ndipo penti ikhale yoyera mbee ndi mizere yakuda osati mtundu wa fupa. Ndinachita zomwezo, ndinagula mabaluni aakulu aja, ndipo kunena zoona pabwalo usiku zazikuluzo ndi zomwe zinaoneka bwino, chaching'ono chija chikanangosowa mumdima. Choyamba chija ndinachiphwanya ndekha nkuchiponya pa mbaula.

Nkhani yofanana inabukanso pa zovala. Mwana wamkulu wa kasitomala wanga amafuna kukhala vampire, woyamwa magazi a anthu wa mmafilimu uja, mkanjo wakuda, mano aatali, magazi pakamwa. Nditawauza amayi atelala anaimitsa mashini nkundiyang'ana, anati mwanangu 2017 unali kuti? Ndinali konkuno, ndikukumbuka bwino, mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe cha mu Sepitembala, kufalikira ku Thyolo ndi madera ena, pofika Okutobala zinalowa mu Blantyre muno ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa chongoganiziridwa. Kwathu ku Chilobwe anthu ankagona panja mmagulu, usiku kumangomveka malikhweru. Amayiwo anati iwo mkanjo asoka, ntchito ndi ntchito, koma ndiwauze makolo ake kuti mwana avalire kunyumba konko ndipo asatuluke nazo kunja kwa geti, komanso aganizire alonda ndi antchito apakhomo amene mwina abale awo anakhudzidwa ndi zimene zija. Ndinamuimbira kasitomala madzulo ake, ndinkaopa kuti aona ngati ndikumuphunzitsa kulera ana ake, koma anangokhala chete kanthawi nkunena kuti ayi tisinthe. Mwanayo anakhala mleme. Mapiko ake amayi anasoka ndi nsalu ya maambulera awiri akutha omwe ndinatola kwa okonza maambulera ku Limbe, tizitsulo take tija tinasiya momwemo kuti mapiko azitambasuka akakweza manja, nsonga zake tinazipinda nkuzikulunga ndi malegeni kuti zisabaye mnzake mmaso. Pa ana onse amene anabwera, iyeyo ndi amene anzake ankamuthamangira.

China chinachitika Loweruka, sichinali changa koma ndinali pa benchi yoyandikana. Kunabwera mnyamata wina wooneka wa ku koleji, analipira tsiku limodzi, akufuna chigoba choti akavale ku phwando la usiku wa pa 31 ku malo ena omwera. Anatulutsa foni kuwaonetsa madala chithunzi, chinali chilombo cha Gule Wamkulu, akuti akufuna chofanana ndendende chifukwa nchoopsa kuposa za azungu. Madala ndi a ku Dedza. Sanakalipe, anangopukuta manja pa ovolosi nkunena motsitsa mawu kuti, achimwene, chimenecho si chidole. Chimatuluka pa maliro, pa chinamwali, polonga mfumu, chili ndi eni ake ndipo chili ndi kwawo kochokera, pa benchi yanga sichipangidwa kuti chikavine pa botolo la mowa. Mnyamatayo anayamba zoti ndi luso chabe, chikhalidwe nchathu tonse, iye walipira. Madala anatulutsa ndalama yake ija mthumba nkuiika pa benchi, anati ndalama yanu nayi, mukafuna china ndikuthandizani mpaka madzulo, koma ichi ayi.

Ndivomereze kuti nanenso mmutu mwanga linali litadutsamo ganizo loti ndiikeko kena kofanana ndi Gule kuti madeko anga akhale ndi kakomedwe ka kwathu, nde pamene madala ankalankhula ndinkamva ngati akunena ine. Ine ndine wa ku Thyolo, za kudambwe sindinakulire nazo, koma ndikudziwa kuti Gule Wamkulu ndi chinthu cholemera, bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, cha Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo wofuna kuona ndi kuphunzira mwaulemu amapita ku Mua ku Dedza, ku Chamare Museum ya pa Kungoni, komwe kuli zigoba mazanamazana chilichonse ndi tanthauzo lake. Chilichonse chili ndi chomwe chimaphunzitsa, si choopsezera anthu basi. Kuchitenga nkuchisandutsa chovala cha ku phwando ine ndikuona kuti madala analondola kukana, ndipo sindinawaone akuchita manyazi kuti ataya kasitomala.

Mnyamata uja anatuluka, anakaima panja akuyankhula pa foni, patapita mphindi ngati 20 anabwerera nkufunsa kuti nanga china chomwe angapange tsiku limodzi nchiyani. Anamupangitsa nkhope ya kadzidzi, ya katoni yokhuthala ya mafiriji ija, nthenga zake zodula ku thumba la simenti, maso ake zitsekerero za mabotolo a mayonezi. Anachoka 5 koloko akuseka, ndalama ija anaibweza yekha pa benchi.

Akangaude ndi ntchito ya mnyamata wowotcherera uja, ngakhale kuti sanawotcherere kalikonse. Anandiona ndikulimbana ndi waya miyendo ikungogwa, anati asisi mukupinda ngati simunapangepo galimoto ya mawaya, ndinati ife atsikana tinkaumba zidole za dothi, nde anakhala pansi nkundionetsa. Mawaya anayi aatali kuwapingasa pakati, imeneyo ndi miyendo isanu ndi itatu kale, kumanga pakatipo ndi kawaya kofewa, mwendo uliwonse kuupinda pawiri, bondo mmwamba phazi pansi, kenako kukulunga zonse ndi malegeni a chubu chakutha cha njinga. Mimba yake botolo la pulasitiki lokutidwa ndi sokosi yakuda ya pa kaunjika. Mphira uja umapangitsa miyendo kunjenjemera mphepo ikawomba, ukamuyang'ana chakumadzulo amakhala ngati akuyenda. Tinapanga asanu ndi awiri, wamkulu kwambiri kutambasuka kwake ngati lichero ziwiri. Sanandilipiritse kanthu, ndinangomugulira chipisi cha pa chiwaya ndi Fanta masiku awiri. Ukonde wake tinaluka ndi ulusi woyera wolukira majuzi, thonje ndinalisiya, limagwira fumbi komanso silichedwa kuyaka.

Zina ndingodutsamo mwachangu. Mizukwa ndi makatani akale a leisi a pa kaunjika, kuwaviika mu tiyi, kuwang'amba mmunsi, mutu wake baluni, kupachika ndi twaini wa asodzi. Chikwanje cha mwana wachiwiri, yemwe anavala ngati chimphona cha mu nthano, chinali cha makatoni atatu omatikiza, penti ya siliva, kenako kukhutiza ndi mtovu wa pensulo kuti chiwale ngati chitsulo chogwira ntchito. Tsitsi la chimphonacho khonje lopesedwa. Miyala ya pamanda ndinafuna kupanga ndi zoyerayera zopepuka zija amatchingira ma TV mu katoni, koma ndinaisiya, pabwalo la munthu wamoyo kuikapo manda mtima wanga sunalole, ndipo madala amene akhala akukhoma mabokosi a maliro zaka zambiri anandiuziratu tsiku loyamba kuti bokosi lachibwana iwo sakhoma. Zoyerazo ndinasemamo mileme. Chenjezo apa, musazipope penti ya mu chitini ija ya spray, mankhwala ake amazisungunula pomwepo mukuona, mleme wanga woyamba unangofota ngati pulasitiki pa moto. Yambani mwazipaka guluu woyera wa matabwa kawiri, kapena ingogwiritsani penti ya madzi. Magazi abodza a pa nsalu ndi guluu woyera yemweyo kusakaniza ndi penti yofiira ndi kadontho ka yakuda, za golden syrup ndi kala wa keke zomwe ena amanena zimaitana nyerere, mu Okutobala muno simungapirire.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo ndipo ena zingakubwezeni.

Choyamba makoswe. Pamalopo palibe kabati kapena malo otsekera zinthu za obwereka mabenchi, umangosiya pa shelefu ya matabwa kukhoma. Usiku wachitatu ndinasiya zigaza zinayi zitatsala pang'ono kuuma, mmawa ndinapeza ziwiri zadyedwa nsagwada yonse, manyi a makoswe ali mbwee pa shelefu. Phala la kondowole kwa khoswe ndi nsima. Chinandiwawa nchakuti onse atatu amadziwa kuti makoswe alipo ndipo palibe anandichenjeza, nditadandaula mpamene amati eee tinaiwala kukuuzani, muzipachika kudenga ndi waya. Ntchito ya masiku awiri inapita. Amayi atelala anapepesa ndipo anandithandiza kumata zina masana ake, koma munthu amene ukulipira malo umayenera kuuzidwa zoterezi tsiku loyamba, kapena pakhale ngakhale diramu yachitsekerero.

Chachiwiri, ndipo ichi nchachikulu, ndi kakhalidwe ka mabenchi. Benchi yowotcherera ili pafupi kwambiri ndi ya ife a mapepala ndi nsalu. Gilayinda ikalira nthethe za moto zimauluka mpaka kugwera pa manyuzipepala, pansi pali utuchi wa madala, pakona pali zitini za thina ndi vanishi. Chozimitsira moto palibe, pali ndowa ya mchenga imodzi basi. Tsiku lina kansalu ka leisi kanayamba kufuka utsi pa benchi yanga, mwayi mlongo wanga anakaona msanga nkukaponda. Anaika lata lotchinga nditalankhula, koma lata limodzi silokwanira, ndipo kuwala kwa kuwotcherera kuja kumakupeza ngakhale usakuyang'ana dala, tsiku limenelo usiku maso ankandiwawa ngati muli mchenga. Amene mukufuna kupita ndi ana ang'onoang'ono kuti akapange nawo, ine ndikuti ayi, pokhapokha Lamlungu masana pomwe mnyamatayo sagwira ntchito, ndipo muyambe mwapangana ndi madala chifukwa Lamlungu satsegula nthawi zonse.

Magetsi akazima jenereta palibe, chobowolera ndi mfuti ya guluu zimagona, ndalama ya tsikulo sabweza. Kwa ine sizinandipweteke kwambiri poti ntchito yanga yambiri inali ya manja, ndipo mashini ya amayi ndi Singer yopalasa ndi mapazi, magetsi azime asazime iwo amangosoka. Koma wina amene wabwerera chobowolera chokha akhoza kutaya tsiku. Chimbudzi nchogawana ndi mashedi ena atatu, kiyi amasunga mayi wogulitsa mandasi pa geti, akachokapo mudikire. Loweruka kumadzaza, pa 15 Okutobala tsiku la anakubala poti linali holide ndinapeza benchi yanga yomwe ndinalipira ya sabata pali anthu ena awiri akupanga mafelemu a zithunzi, tinachita kupanikizana, kulibe buku lolembamo kuti benchi iyi ndi ya uje mpaka tsiku lakuti, zonse zili mmutu mwa madala. Lisiti sapereka. Phokoso nalo ndi la mmafakitale, foni ya kasitomala umakayankhira kunja.

Ndiye kodi ndi koyenera ndalama yake? Kwa ine eya, ndipo ndibwererako. Zida zomwe zilipo si zapamwamba, sowo ina ndi yobuntha, pulayazi yabwino ndi imodzi mumachita kulandirana. Koma ine ndinalipira benchi nkupezanso anthu atatu amene aliyense anasiya ntchito yake kangapo kudzaona yanga, wina kundiphunzitsa kucheka chipanda, wina kuphika phala, wina kupinda waya, ndiponso kundibweza pa zinthu ziwiri zomwe zikanatha kundiika mmavuto enieni pamsewu kapena kukhumudwitsa anthu. Zimenezi pa YouTube sindikanazipeza, amene amapanga mavidiyo amenewo sakwera minibasi ya ku Chilobwe atanyamula katoni ya zigaza. Pa zisanu ndikuwapatsa zinayi, imodziyo ndawachotsera chifukwa cha moto ndi makoswe, ndipo ndinawauza pamaso kuti chozimitsira moto agule asanayambe kulandira ana a sukulu ambiri.

Mukamapita tengani manyuzipepala anu, ufa wa kondowole, kampoto kakale koti simudzaphikiranso, mabulashi, chovala chogwirira ntchito, kansalu ka pamphuno, ndi waya wopachikira zinthu kudenga. Makatoni aakulu pemphani mmashopu ogulitsa mafiriji ku Limbe mmamawa anyamata otola asanadutse. Fikani 7 koloko kuti mupeze benchi ya kumapeto, yotalikirana ndi gilayinda komanso yoyandikira dzuwa.

Katundu yense tinanyamula pa 30 madzulo, kasitomala anatumiza galimoto, madala anaumirira kuti chilichonse chikutidwe ndi zitenje ngakhale ndi mgalimoto ya munthu, ndipo anachita kuima pa geti mpaka tanyamuka. Phwando linayenda bwino, zipanda khumi ndi ziwiri zinayaka mu kanjira kochokera pa geti, mwana mmodzi yekha wa zaka zitatu ndi amene analira ataona kangaude wamkulu uja akugwedera mu mtengo wa mapeyala, mayi ake anamunyamula nkumugwiritsa mwendo wa mphira kuti aone kuti ndi chubu cha njinga, kenako sanafunenso kuchokapo. Zipanda kasitomala anasunga, akangaude ndinabwera nawo, mmodzi ndinakamupatsa mnyamata uja ndipo wamupachika pamwamba pa benchi yake. Sabata yatha ndinapitanso kukalipiriratu masiku atatu a kumayambiriro kwa Disembala, a Sande sukulu kutchalitchi kwathu akufuna mapiko a angelo asanu ndi atatu, nyenyezi, ndi mutu wa ngamira wa sewero la Khrisimasi, ndipo poti mvula idzakhala itayamba amayi atelala andiuza kuti ndisadalire mapepala, mapikowo tidzapange a nsungwi ndi neti yakale ya udzudzu.